Dzanja Lamanzere la Ezron

Tcheni cha njinga ya Towela chinadukira pamalo oipa, pakati penipeni pa siteji ya mabasi ku Lundazi, anthu opita ku Chipata akusuzumira m'mawindo. Towela anali akuchokera kwawo ku Kapichila, thumba la mtedza lili pakaliyala, thukuta lili kamukamu. Anaikankha njingayo mpaka patsinde pa mtengo wa mango pomwe mnyamata wina wamtali ankakonzera njinga.

"Monile, adumbu, mlongo wanga. Hatchi yakana?" anatero mnyamatayo.

"Yakana. Ikonzeni msanga, mtedzawu akuudikila."

Sipanatenge nthawi tcheni chinalumikizika. Towela anatambasula dzanja kuti athokoze. Mnyamatayo anayang'ana dzanja lake lamanja, lili bii ndi girisi, nkuyamba kulisamba ndi sopo, chala chimodzichimodzi, Towela dzanja lili m'malere.

"Bwanji osangondipatsa lamanzelelo? Si loyela ilo?"

"Lamanzele? Amama angauke m'manda kudzandiwaza makofi. Munthu amene ukumulemekeza sumupatsa lamanzele. Ndine Ezron, wa ku Magodi. Malipilo anga ndi nambala yanu ya foni basi."

Towela anaseka, ndipo nambala anapereka. Kunena zoona, atsikana ambiri amagwa ndi nsapato zonyezimira kapena mawu a shuga. Uyu anagwa ndi sopo.

Kuyambira tsiku limenelo foni ya Towela sinkapuma. Tambala akangolira uthenga unkakhala utafika kale: "Wauka uli, duwa langa la ku Kapichila? Nakuyewa, ndakusowa zedi." Masana wina: "Ndakonza njinga zisanu ndi ziwili, koma mtima wanga walephela kukonzeka. Bwela nawo sipanala." Towela ankawerenga akupalira, akuseka yekha m'munda mpaka amayi ake kumufunsa ngati mutu uli bwino.

Tsiku lina atakhala pansi pa mango uja, Towela anamuuza chinthu chimodzi chimene chinkamuwawa. Bambo ake anali chidakwa. Anagulitsa ng'ombe imodziimodzi kuthira pakhosi, ndipo anawatola m'mbali mwa msewu atauma. Amayi ake anakalamba asanakwane zaka makumi anayi.

"Zonse ndingapilile, Ezron. Umphawi ndingapilile. Koma mowa ayi."

Ezron anamugwira dzanja. "Towe wanga, mowa sudzakhudza milomo yanga. Tsiku limene udzandione nditaledzela, udzandisiye pomwepo. Usadzafunse n'komwe."

Mawu amenewo Towela anawasunga ngati mbewu ya chaka chamawa. Akanadziwa, bwenzi atawataya tsiku lomwelo.

Patatha chaka, Ezron anatuma a Amock, thenga wonenera nkhani za ukwati, kukasiya chikole m'mbale zovindikira kwa akuluakulu a Towela. Mbale zinalandiridwa. Anagwirizana kuti anthu akamaliza kukolola, m'mwezi wa Meyi, mkamwini adzaonekere kwa a Manasseh, atate ake aakulu a Towela, amene anali mutu wa banjalo.

Ndi m'masabata amenewo momwe Ezron anayamba kudandaula mutu. Unkamupweteka kwambiri m'mawa, nthawi zina mpaka kusanza. Kukiliniki anamuyeza malungo, sanawapeze, nkumupatsa mankhwala opha ululu. Sipanala inayamba kumupulumuka m'manja. Mauthenga ake anafupika, ena nkumafika osamveka mutu wake.

"Ndi dzuwa limenelo, wapamtima. Gula chipewa," ankatero Towela. Koma pansi pa mtima ankafunsa: munthu wosanza m'mawa, wolemba zosamveka, amakhala kuti wachita chiyani dzulo lake? Ankalithamangitsa ganizolo, koma linkabwerera.

Loweruka la mwambowo pabwalo panaseseredwa, mphasa zinayalidwa, nkhuku ziwiri zinafa. Alendo anayenera kufika dzuwa lisanakwere, koma anafika masana. Towela anali m'nyumba, akusuzumira pa mng'alu wa chitseko monga amachitira mtsikana pa tsiku lotere.

Anamuona Ezron akukankha njinga m'malo moikwera, akudzandira, mwendo umodzi ukukwakwaza pansi. Asanafike n'komwe pamphasa anakhotera kuseri kwa nkhokwe nkusanza. A Amock anamugwira phewa. Ezron atafuna kunjuta pamaso pa akuluakulu, anangoti khu, kukhala pansi ngati thumba.

A Manasseh anadziletsa. Anatambasula dzanja lawo. "Muli uli, akamwini?"

Ezron anayang'ana dzanja lake lamanja kanthawi ndithu. Kenako anapereka lamanzere.

A Manasseh anabweza dzanja lawo pang'onopang'ono nkulipukuta pa thalauza.

"A Amock, mwatibweletsela chiyani? Tinakwilila chidakwa chimodzi pamudzi pano, mukufuna tikumbe manda a chachiwili?"

"Pepani akuluakulu, mwanayu samamwa. Wadzuka ndi mutu, panjila wagwa kawili..."

"Mutu umenewo timaudziwa," anayankha mayi wina, ena nkuseka chamumtima.

Towela anaiwala mwambo. Anatsegula chitseko, nkuima pakhonde, misozi ili chuchuchu.

"Ezron, unandilonjeza chiyani iwe?"

Ezron anatsegula pakamwa. Milomo inagwedezeka, koma mawu ankatuluka odukaduka, lilime likulemera. "Towe... sindi... dzanja... dzanja..."

"Unati ndisadzafunse n'komwe. Sindifunsa. Pita."

Kuchokera pakhonde paja kufika pomwe anakhala Ezron panali mapazi asanu okha. Mwana wa chidakwa amadziwa fungo la kachasu kuposa wina aliyense. Akanayenda mapazi asanuwo, akanamva kuti fungo palibe. Koma mkwiyo unamuimika pomwepo, ndipo anabwerera m'nyumba nkutseka chitseko.

Lolemba mbale za chikole zinabwezedwa ku Magodi. Towela anabuloka nambala ya Ezron. Akamapita kutauni ankazungulira njira ya kuseri kwa msika kuti asaone mtengo wa mango. Anzake anamuuza kuti mnyamata uja sakuonekanso, akuti anathawira ku Lusaka ndi manyazi. "Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyelele," ankatero Towela, anzakewo nkumamuyamikira kuti ndi mtsikana wolimba mtima. Akakhala yekha ankalira.

Mu Okutobala a Amock anabweranso pa njinga, kutentha konse kuja. Anapeza Towela akusenda mtedza pakhonde.

"Mwana wanga, Ezron wabwelako. Akupempha kuti akuone kamodzi kokha. Pali nkhani imene sukuidziwa."

"Nkhani za achidakwa ndinazimva zonse kwa atate anga, a Amock. Mawa ndisiya, mawa ndisiya. Yendani makola, mukafike bwino."

Analowa m'nyumba mkuluyo akulankhulabe. Aka kanali kachiwiri kutseka chitseko chomwe chija.

Mvula itagwa mu Disembala, Towela anapita kutauni kukagula mbewu. Njira ya kuseri kwa msika inali matope okhaokha, motero anadzera pa siteji. Pansi pa mango uja panalibe njinga. Panali Linah, mlongo wake wa Ezron, akulongedza masipanala ndi pampu m'thumba.

Towela anafuna kudutsa ngati sanamuone, koma Linah anaimirira.

"Mulamu. Kapena ndisatelo, poti munatikana."

"Muli uli, a Linah? Zida mukupita nazo kuti?"

"Kunyumba. Mwini wake sadzazigwilanso."

Towela anayang'ana thumba lija. "Mowa uja wafika pamenepo?"

Linah anaika thumbalo pansi. Kenako anapisa m'chikwama, natulutsa pepala lakuchipatala lopindapinda.

"Welengani. Munapita kusukulu inu."

Pa pepalapo panali dzina la Ezron, ndi mawu amodzi aatali amene Towela anali asanawaonepo: glioblastoma.

"Ndi khansa ya muubongo," anatero Linah, mawu ake ali ouma. "Patangotha masabata awili chibwezeleni mbale zija, anakomoka pompano, akuphupha ngati wa khunyu. Tinapita naye ku Chipata, kumeneko anatitumiza ku Lusaka. Atamujambula mutu anapeza chotupa mbali ya kumanzele. Adokotala anati mbali imeneyo ndi imene imayendetsa dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi kulankhula. Tsiku lija kwanu dzanja linali litakana kale. Anayesa kulikweza, linakana."

Towela anawerenganso pepala lija.

"Chinabwela bwanji? Alipo anamuchita chipongwe?"

"Ifenso tinafunsa zomwezo. Azakhali mpaka anafuna kupita kwa sing'anga. Adokotala anati si ufiti, si mowa, si chakudya, ndipo sichipatsilana. Nthawi zambili chimagwila achikulile, koma chimatha kugwila ngakhale mnyamata, ndipo chifukwa chake iwonso sachidziwa. Chimangobwela."

"Koma anamuthandiza? Achila?"

"Anamupanga opaleshoni, anachotsa chimene akanatha kuchotsa. Koma akuti mizu yake imayanga ngati ya kapinga, sungaizule yonse osaononga ubongo. Kenako masabata asanu ndi limodzi akumuwotcha pamalopo ndi makina, akumwanso mapilitsi amphamvu. Tsitsi linathothoka. Anatiuza poyela kuti mankhwalawo ndi ongoonjezela masiku, ambili amakhala chaka ndi miyezi yochepa, owelengeka okha ndiwo amapitilila."

Linah anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Mu Seputembala ndi Okutobala anali bwino, mulamu. Mawu anabwelela. Ankaseka, ankaimba, ankayenda yekha mpaka kukhola. Tsiku lililonse ankafunsa za inu. Ndi pamene tinatuma a Amock. Tsopano chamelanso. Mawu anapita mwezi watha, ndipo adokotala ati tizingomusamalila kunyumba."

Towela sanagule mbewu tsiku limenelo. Anakwera ndi Linah galimoto ya ku Magodi. Panjira Linah anamupatsa foni ya Ezron, yong'aluka galasi.

"Ankalemba ndi lamanzele. Ankadziwa kuti munamutseka, koma ankalembabe."

Mauthenga anali ambirimbiri, onse opita kwa "Duwa Langa", onse osafika.

Wa mu Juni unali waufupi: "Towe sinamwe."

Wa mu Seputembala unali wautali ngati akale aja: "Towe wanga, lelo ndatha kutchula dzina lako bwinobwino, ndalitchula kakhumi mpaka Linah wandikalipila. Sindikukwiyila. Ndine ndinakuuza kuti usadzafunse. Ndinali wopusa, munthu sauza mkazi wake zimenezo."

Wa mu Okutobala: "A Amock abwelako. Palibe kanthu. Ndimangofuna kukuuza pakamwa nthawi ikadalipo kuti lonjezo lija sindinaswe. Uwauzenso a Manasseh kuti amama anandilela bwino."

Womaliza unali wa mu Novembala, ndipo unali ndi dzina lake lokha.

Towela analira mokweza m'galimotomo osasamala za anthu. Miyezi iwiri yathunthu munthu anali ndi mawu, akumuitana, iye ali pakhonde kusenda mtedza ndi mtima wake wolimbawo. Ankadziona wochenjera, woti sangapusitsidwe ngati amayi ake. Nanga tsopano akapepese kwa ndani, poti woti amuyankhe uja mawu alibenso?

Anafika dzuwa litapendeka. Ezron anali pakhonde, pa mpando wa ndalema, atafunda bulangete ngakhale kunali kotentha. Anavala chipewa cha ulusi, ndipo pansi pake pankaoneka chipsera chokhota. Nkhope inali yotupa ndi mankhwala. Koma maso anali omwe aja a pansi pa mango.

Towela anayenda mapazi onse mpaka kufika pafupi, nagwada m'matope.

"Ezron, ndine Towela. Ndamva zonse. Ndawelenga zonse. Sunamwe, wapamtima, ndikudziwa kuti sunamwe. Ndikhululukile."

Milomo ya Ezron inagwedezeka. Anayesa kamodzi, kawiri. Palibe chinatuluka koma mpweya. Towela anadikira dzina lake, dzina limene linatchulidwa kakhumi tsiku limodzi mu Seputembala, koma silinabwere.

Kenako Ezron anayang'ana pamiyendo pake. Anatulutsa dzanja lamanzere m'bulangete, nagwira nalo mkono wamanja, wowonda, wolendewera. Anayamba kuunyamula pang'onopang'ono, thukuta likutuluka pamphumi, kuti aupereke kwa Towela monga amayi ake anamuphunzitsira. Utafika pakati unamupulumuka nkugwera pabulangete. Anaugwiranso kuti ayesenso.

"Siya, Ezron," anatero Towela. "Siya, wavutika mokwana. Ndipatse lamanzelelo."

Ezron anapukusa mutu pang'ono, ngati akukana. Towela analitenga yekha dzanja lamanzere lija ndi manja ake awiri, monga munthu amalandirira mphatso kwa wamkulu, nalikhazika patsaya pake. Linali lofunda, ndipo zala zake zinamufinya.

Linah anabwera ndi beseni la madzi ndi sopo kuti amusambitse m'manja asanadye. Towela analandira beseni lija osafunsa, nayamba ndi dzanja lamanja, chala chimodzichimodzi.