Nsalu ya Mayina ya a Jorubha

Chinthu choyamba chimene Keturah anaona kuti sichili bwino n'chakuti a Jorubha anadumpha dzina. Kwa zaka ziwiri zimene iye anagwira shifiti ya usiku m'nyumba yosamalira okalamba ku Oadby, ku England, mkuluyu sanagonepo asanatchule makolo ake khumi ndi asanu ndi anayi, mmodzimmodzi, manja ali pa kamtolo kamene kankakhala pansi pa pilo. Maso anali atafa kale, koma lilime silinkaphonya. Usiku wa Lolemba umenewo, mu Novembala wa 2018, anayambira pa dzina lachiwiri.

Keturah anaima ndi kapu ya madzi m'manja. Monga amafotokozera mwini wake, iye ankadziwa kuti m'kamtolomo munalibenso dzina ngakhale limodzi.

A Jorubha, amene aliyense ankawaitana kuti Bapu, anali Mmwenye wa fuko la Arajiputi, fuko la ankhondo ndi eni malo. Anabadwira ku Limbe, ndipo Chichewa chawo chinali chakale, chosasakaniza. Ankakonda kumuuza Keturah za Sujanvad, dera la midzi khumi ndi iwiri ku India limene mfumu yaikulu inapatsa kholo lawo loyamba chifukwa linatchinga adani pachitsime kwa masiku atatu. Iwo deralo sanalionepo. Chimene anali nacho ndi nsalu yaitali ngati zitenje zitatu, yolembedwa ndi utoto wofiira, bambo kenako mwana wake woyamba, mpaka kufika pa iwo. Olemba pansaluyo anali a banja limodzi lokha la alembi a mibadwo, ndipo mmodzi wa iwo ankayembekezeka kubwera kuchokera ku India kumapeto kwa mwezi kudzawonjezera dzina la khanda, mdzukulu wa mwana wawo.

Lachisanu lapitalo Bapu anasanza pakati pa usiku, mabelu a odwala ena atatu akulira nthawi imodzi. Keturah anakulunga zofunda zonse mothamanga n'kuziponya m'thumba lofiira, la zochapa ndi madzi otentha kwambiri. Potulutsa m'makina m'bandakucha, anapeza nsalu ija yapiringizana ndi mashiti, itasuluka yonse, yopanda chilembo. Anakhala pansi pomwepo pasimenti. Lamulo linkati alembe lipoti, koma viza yake inali m'manja mwa nyumbayi. Anaisita nsaluyo, anaipinda monga mwa kale, n'kuibwezera pansi pa pilo. Munthu wosaona akanadziwa bwanji?

Lachiwiri Bapu anayambira pa dzina lachinayi. Cha m'ma 2 koloko, nyumba yonse ili zii, Keturah anamva kanthu m'kolido, ngati nsapato yolemera imene mwini wake akuiponda pang'onopang'ono kuti asadzutse anthu. Magetsi a m'kolidomo amayaka okha munthu akamadutsa. Anaona lakumapeto, pafupi ndi chipinda chochapira, layaka. Patapita kanthawi linayaka lachiwiri, kenako lachitatu, ndipo pansi pake panalibe munthu. Kunabwera fungo limene iye anali asanalimvepo ku England konse, fungo la fumbi louma ndi thukuta la mahatchi.

Anathamangira kukhitchini kumene mnzake Ethel, mayi wa ku Chipata, ankamwa tiyi atavula nsapato.

"Iwe Ketu, ni mapaipi chabe," anatero Ethel. "Manje ufuna tiitane abusa chifukwa cha boila? Nyumba za azungu izi zimalira monga mimba ya munthu wanjala."

"Nanga magetsi?"

"Magetsi ni a kampani, afuna bilu ikwere. Khala pansi umwe tiyi, nkhope yako yachita monga waona apongozi ku bafa."

Koma Ethel yemweyo, popita kukatembenuza odwala, anapempha kuti ayendere limodzi.

Pofika Lachitatu nkhani inali itafalikira. Akuti gogo wina wachizungu wa m'chipinda 9 anadandaula kwa manejala kuti amuna ovala nduwira akumaima pakhomo pake usiku wonse osalankhula. Akuti mayi wochapa masana anapeza makina ali ofunda m'mawa pamene palibe anawagwiritsa ntchito. Manejala anati gogoyo amuyeze mkodzo, mwina ndi matenda akumusokoneza mutu.

Usiku umenewo Bapu anatchula mayina asanu ndi awiri okha. Keturah akuwafunditsa, anamugwira dzanja.

"Mwanangu," ananong'ona, "alendo aja wawapatsa madzi?"

"Alendo ati, Bapu? Kuno kulibe munthu."

"Ali m'kolidomo. Alibe pokhala. Kwathu mlendo saima panja wopanda madzi."

Keturah anakadzitsekera m'chimbudzi cha antchito n'kugwada. Anayesa kupemphera, koma analephera, chifukwa ankadziwa kuti chimene Mulungu akufuna kwa iye si pemphero. Potuluka anapeza magetsi ayaka mpaka pakati pa kolido, ndipo kuwalako kunali kutaima pamenepo ngati kukudikira.

Lachinayi anafika pantchito atatsimikiza mtima. Atatha kupereka mankhwala analowa m'chipinda cha Bapu, anatseka chitseko, nagwada pambali pa bedi monga angagwadire kwa bambo ake omubala.

"Bapu, ndakulakwirani. Nsalu yanu ija ndinaichapa ndi mashiti. Mayina onse anasuluka. Ndinabisa chifukwa ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Kaya mundinenere kwa manejala, ndine wolakwa."

Panja mphepo inkakhudzitsa nthambi pawindo.

"Dzuka, mawondo apweteka," anatero mkuluyo. "Fungo la sopo ndinalimva tsiku lomwelo. Ndipo nsaluyo sunaitole ndi iwe. Pamene unatuluka kukayankha belu, ndinaisolola ndekha n'kuilowetsa pakati pa mashiti. Masiku onsewa ndakhala ndikumva mawu ako akunjenjemera, ine osanena kanthu. Wolakwa ndi ine."

Keturah asanayankhe, mkuluyo anapitiriza.

"Tamvera, chifukwa sindibwereza. Amene anachoka ku Sujanvad ndi nsalu imeneyi anali mnyamata wolowa ufumu, akuthawa m'bale wa bambo ake amene analanda mpando. Anatenga wantchito mmodzi, wosamalira mahatchi. Panyanja mnyamatayo anadwala malungo n'kufa, ndipo anamuponya m'madzi usiku. Amene anatsika sitima pa doko la Beira atavala nduwira yake, atanyamula mapepala ake ndi dzina lake, anali wantchito uja. Ameneyo ndiye bambo anga. Anandiuza akumwalira ku Limbe, ine ndili ndi zaka makumi awiri. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuitana makolo a eni ake usiku uliwonse, ana anga akuyenda mutu uli m'mwamba. Sindinafune kuti khanda lija lilembedwenso pansi pa bodza. Koma kulankhula ndinalephera, ndiye ndinakusenzetsa iwe."

"Ndiye mayina aja mwakhala mukudumpha dala?"

"Ayi, mwanangu. Amenewo akuchoka okha. Ndikatsegula pakamwa ndimapeza palibe."

Nthawi yomweyo kuwala kunalowa pansi pa chitseko. Getsi la pakhomo penipeni pa chipindacho linali litayaka. Panamveka kugogoda katatu, chapansi, kolemera ngati kwa chitsulo.

"Umuuze Kirit," anatero Bapu, kunena mwana wawo wamkulu. "Ine sandikhulupirira, ati mutu wanga unatha. Iwe ndiwe munthu wopemphera, akumvera. Lonjeza."

"Ndalonjeza, Bapu."

"Tsopano tsegula. Ndawazemba mokwanira."

Keturah anatsegula. M'kolido munalibe munthu, koma magetsi onse anali atayaka kuchokera kuchochapira mpaka pamapazi ake, ndipo mpweya wotentha, wafumbi, unamudutsa mbali zonse ziwiri ngati anthu akulowa m'tchalitchi. Anamva Bapu akulankhula chinenero cha ku India motsitsa, ngati wantchito akuyankha bwana. Sanacheuke. Pamene Ethel anabwera kudzamufuna, mkuluyo anali atatsirizika, manja atawapinda pachifuwa.

Mwambo wa maliro utatha, a Kirit anabwera kudzatenga katundu. Anali munthu waulemu, dokotala wa mano ku Loughborough, ndipo Chichewa chimene anachoka nacho ku Limbe ali mwana ankachikumbukirabe pang'ono. Keturah anawapatsa kamtolo kaja ndi manja awiri, n'kuulula zoti anachapa. A Kirit anafunyulula nsaluyo, anaiyang'ana, misozi inalengeza m'maso, koma anamwetulira.

"Sisitala, musadandaule. Inu munasamala Bapu ngati mwana wawo. Mlembi ali ndi buku lake ku India, mayina onse alimo. Alemba nsalu yatsopano, ndipo mdzukulu wanga akhala pamalo pake. Mwana uyu ayenera kudziwa kumene anachokera."

Anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha khandalo, litavekedwa kanduwira kofiira. Keturah anatsegula pakamwa. Anayang'ana khandalo, anayang'ana manejala amene anaima pambali akumwetulira chifukwa nkhani yatha bwino, ndipo chimene chinatuluka chinali chakuti, "Ndi wokongola."

Ku Oadby zodabwitsa zinatha tsiku lomwelo. Gogo wa m'chipinda 9 anayamba kugona bwino, ndipo Ethel anati, "Waona? Anakonza boila."

Keturah amakhala yekha ku Braunstone, m'fulati ya pamwamba, kumene magetsi a pamasitepe nawonso amayaka munthu akamakwera. Usiku wa tsiku limene mlembi anatera ku England, iye anali pa ofu. Anadzidzimuka kutulo atamva fungo la fumbi. Anakhala tsonga mumdima n'kumvetsera: sitepe yoyamba, yachiwiri, pang'onopang'ono, anthu ambiri oyenda mwaulemu. Kuwala kunalowa pansi pa chitseko chake.

Anatenga foni, anapeza nambala ya a Kirit, chala chili pamwamba pake. Ananena Atate Wathu mpaka pamene pamati mutikhululukire zochimwa zathu, ndipo pamenepo panamveka kugogoda katatu pachitseko. Kenako kuseri kwa chitsekocho kunamveka mawu amene iye ankawadziwa bwino, ofooka, a Chichewa cha ku Limbe.

"Mwanangu, sakundilola kukhala pansi. Wamuuza?"