Timachubu ta Kudzala

A Zena, mayi ake a Shakila, anathyoka mkono ponyamula dengu la usipa. Dengu wamba! Chaka chatha anathyokanso nthiti atangoterereka pachitsime. Munthu wosakalamba, mafupa n'kumangothyoka ngati mapesi? Shakila anakana kuti imeneyi ndi ngozi.

Ankakayikira a Tatu, mkazi wachiwiri wa bambo ake. Lachisanu lina, abambo ali kumzikiti, Shakila anawaona a Tatuwo akufukula kudzala. Ankatola timachubu totha ta mafuta amene a Zena ankadzola thupi lonse chifukwa cha chikanga, mafuta omwe Shakila ankathamangira kukawagulira pabenchi ina kumsika wa Makanjira kuyambira ali wamng'ono. A Tatu anatimanga pansonga ya chitenje, nachoka mwakachetechete.

Shakila mtima unamuwira. Munthu wabwino angatolerenji chinthu chokhudza thupi la mnzake?

Tsiku lokaonetsa mkono kuchipatala cha m'tauni, a Tatu anakwera nawo lole. Shakila anadzipanikiza pakati pa awiriwo, ndipo zitumbuwa zimene a Tatu anapatsa mayi ake anazilanda n'kuziponya panja.

Pakhomo la dokotala Shakila anawatsekereza a Tatu. "Musalowe! Ndinakuonani kudzala. Mwawamaliza mafupa mayi anga, mukufunanso chiyani?"

A Tatu anamulambalala, namasula mfundo ija, n'kukhuthulira timachubu patebulo.

"Adokotala, ine kuwerenga sindidziwa," anatero. "Koma mnzangayu khungu lapyapyala, nkhope yatupa. Ndikamuuza, amati ndi nsanje. Taonani nokha zimene amadzola."

Dokotala anatenga kachubu kamodzi, napukusa mutu. "Awa ndi mafuta a siteroidi, amphamvu kwambiri. Timalembera munthu kuti adzole pang'ono, kwa masiku ochepa. Mukapaka thupi lonse kwa zaka, amalowa m'magazi n'kufooketsa mafupa. Inu a Zena, musawasiye mwadzidzidzi, tichepetsa pang'onopang'ono. Kodi ankakupatsani ndani?"

A Zena anangoyang'ana pansi.

"Ndine ndinkakagula," anatero Shakila. Manyazi anamugwira, misozi ili chuchuchu.

"Usalire, mwanangu," anatero a Tatu. "Unkafuna kuti mayi ako asamadzikande."

Pobwerera, msewu unali wa mabampu okhaokha. Shakila anasendera kumapeto kwa thabwa limene anakhalapo mulolemo.

"Mayi aang'ono," anatero, "khalani pakatipa. Muwagwirire mkonowo."