Amene Sanazinde Mkondo

Madzulo amenewo Tecla ankakwecha mapoto ndi mchenga kuseri kwa nyumba, poti sopo anali atasowa kalekale m'mashopu a m'komboni ya Dzivarasekwa. Chinali chaka cha 2008, mipopi itauma, magetsi akubwera mmene afunira okha. Ali chiweramire anamva kaphokoso kaja kakuyambanso m'chipinda cha pakona: tche-tche-tche-tche. Kenako kunabwera fungo lowawasa ngati la viniga. Tecla anasiya poto n'kukakoka mwana wake wamkazi, amene ankasewera pansi pa zenera lotchingidwa ndi bulangete.

M'chipindamo munkakhala Lameki, bambo wa imvi amene anaphikira mzungu zaka makumi awiri pa famu ya fodya. Famuyo italandidwa, anzake anathawa ndi nkhuku ndi makasu, koma iye anasenza makina oonetsera kanema pakhoma ndi zitini za mafilimu akale. Sanali mafilimu wamba. Ukavala magalasi a pepala, mbali ina yofiira ina yobiriwira, zinthu zinkachoka pakhoma n'kufika pamphuno pako. Lameki anazunguzika nazo mutu. Akamva kuti mzungu wina akulongedza katundu, ankayenda wapansi kukapempha zitini, ndipo zina anazitola pa mulu wa zitsulo ku Willowvale. Mkazi analibe, mwana analibe. Anali ndi zitini zakezo basi, ndipo ankazipukuta kuposa mmene ankasambira mwini wake.

Imfa zinayamba mvula yoyamba itagwa. Woyamba anali kondakitala wa kombi, minibasi za kumeneko, amene anadya bwinobwino m'mawa, madzulo maso atalowa m'kati, mawa lake maliro. Anatsatira mayi wogulitsa tomato. Ngalande ya zonyansa inkadutsa pafupi ndi chitsime, aliyense ankaiona, koma ngalande sungaigwire pakhosi. Anthu anayamba kumva mapazi pa madenga. Ena ankati anthu otuluka pakhoma la Lameki sabwerera onse. Mayi wina analumbira kuti anasuzumira pa chibowo cha bulangete n'kuona malemu kondakitala ataima m'kuwala, kukamwa yasa.

Wachitatu anali mwana wa Tecla uja. Tsiku loika maliro magetsi anabwera cha m'ma 2 koloko masana, ndipo Lameki, chitsiru cha munthu, anayatsa makina anthu asanasambe n'komwe m'manja pochokera kumanda. Domingo, bambo wa mwanayo, anafika ndi botolo la palafini, khamu lili pambuyo pake.

"Tulutsani zitini zanu, bambo Lameki. Lero zipsa."

"Ndi kanema chabe, mwana wanga."

"Kanema amanunkha? Tulutsani, apo ayi mupsera nazo limodzi."

Munthu mmodzi yekha ndi amene anaima pakhomo kumutchinga. Anali mayi Tionenji, amasiye ogulitsa maputi, chimanga chokazinga chophulika, pa siteji ya makombi, amene anachokera famu imodzi ndi Lameki. Ndi iwo amene ankamumwetsa phala malungo akamugwetsa.

"Musiyeni mkuluyu," anatero. "Zidole zake izi sizinaphepo ngakhale nyerere."

Lameki anayang'ana palafini, n'kuyang'ana mayiwo, ndipo mumtima mwake munalowa chinthu choipa. Iye yekha ankadziwa kuti diso lakumanzere la mayiwo linali lakufa. Mankhwala opopera fodya anawagwera zaka zambiri zapitazo, ndipo ndi iye amene anawathamangitsira ku kiliniki pa wilibala. Disolo linkaoneka labwinobwino, ndipo mayiwo anabisa nkhaniyo poopa kuchotsedwa ntchito. Ankadziwanso kuti mafilimu akewo amafuna maso awiri. Munthu wa diso limodzi amangoona chithunzi chili pakhoma, palibe chimatuluka.

"Mfiti ilipodi pakati pathu," anatero Lameki. "Magalasi anga angaigwire. Munthu wamba akaona za m'menemu amazinda. Mfiti sizinda, inazolowera."

Anthu olira savuta kunamiza. Analowa khumi ndi awiri, malinga ndi kuchuluka kwa magalasi, n'kukhala pansi mothinana mumdima wonunkha viniga ndi thukuta. Lameki mwini anawaveka mayi Tionenji magalasi, n'kuwakhazika kutsogolo. Makina analira. Pakhoma panaoneka nkhalango, kenako chimunthu chamaliseche chinatukula mkono n'kuponya mkondo. Mkondowo unatuluka pakhoma molunjika kumaso. Anthu anakuwa, ena anagwa chafufumimba, Domingo anagunditsa mutu pa mwendo wa tebulo. Mayi Tionenji anali chikhalire, khosi njo.

"Koma anthuni, mukuzinda chiyani?" anafunsa, akuseka pang'ono.

Wina anakoka bulangete pazenera, dzuwa linalowa, ndipo mayiwo ataona nkhope za anthu kuseka kunatha.

"Muroyi!" anakuwa wina m'Chishona, kutanthauza mfiti.

"Ayi! Diso langali ndi lakufa, mwina n'chifukwa chake. A Lameki, auzeni! Si inu munandinyamula pa wilibala?"

Lameki ankakulunga filimu, osatembenuka. "Za wilibala sindikuzidziwa. Ndipo diso lilibe nazo kanthu izi."

Zimene zinachitika panja n'zochititsa manyazi kuzinena. Anawang'ambira chitenje, anawaponda, Tecla anawathira maputi awo omwe m'kamwa mpaka kutsamwa. Palafini uja anathera pa mphasa ndi zovala zawo. Anawathamangitsa ndi miyala kulowera kudambo, ndipo patapita masiku atatu anthu opalira chimanga anawapeza atauma pakati pa mizere. Palibe chitini ngakhale chimodzi chimene chinapsa. Lameki anaziwerenga kawiri, n'kudya chakudya chake mtima uli m'malo.

Sabata yotsatira magetsi anabweranso masana. Lameki anatchinga zenera, anavala magalasi, anaika filimu ya ngalawa panyanja. Mafunde ankafika pamaondo ake monga mwa nthawi zonse. Koma fungo la viniga linasintha, linakhala la chimanga chopserera ndi dothi lonyowa. Pambali pa ngalawa panaima mayi wa chitenje chong'ambika, amene m'filimuyo munalibe. Anayamba kuyenda kubwera.

Lameki anatsinzina diso limodzi mwachangu. Mafunde anabwerera pakhoma, ngalawa inabwerera pakhoma. Mayiwo anatsala chiimire pakati pa chipinda, matope akudontha pa simenti.

"Musaope, a Lameki," anatero mofatsa. "Zitini zanu sindizikhudza. Ndangobwera kudzatenga limodzi lokha."

Chala chozizira chinamukhudza pa chikope chakumanzere. Sichinapweteke n'komwe. Atadzidzimuka anapeza filimu itatha, nsonga yake ikumenya makina, ndipo m'chipindamo anali yekha. Anathamangira pa kalilole: maso onse awiri anali abwinobwino, oyera. Koma atatseka lakumanja kunali mdima bii. Anayesa chitini china, kenako china, mpaka zonse. Nyanja, akavalo, njoka, zonse zinali phwatalala pakhoma ngati kalendala. Mkuluyo analira tsiku limenelo, misozi imene sanawalirire mayi Tionenji.

Imfa sizinasiye. Mlongo wake wa Domingo atamwalira, khamu linabweranso masana ena magetsi atangoyaka.

"Inatsala mfiti ina," anatero Domingo. "Yatsani ya mkondo ija. Lero nanunso mukhale pansi muvale, makina ayenda okha."

Lameki sanade nkhawa kwambiri. Filimuyo ankaidziwa pamtima, akanatha kuzinda ngakhale ali m'tulo. Anakhala kutsogolo. Nkhalango inaoneka, chimunthu chija chinatukula mkono, ndipo iye anakonzeka kugwa chammbali. Pomwepo dzanja lozizira linamugwira kumbuyo kwa khosi. Linali dzanja laling'ono, lokhakhala ndi ntchito, koma linamugwira ngati pulayazi. Anthu anakuwa n'kugwa pansi. Lameki anatsala chikhalire.

Bulangete linachotsedwa. Kumbuyo kwake kunalibe munthu.

"Simunazinde, bambo Lameki," anatero Domingo.

"Ndinagwidwa khosi! Wina anandigwira!"

"Ndani? Tonse tinali pansi."

Wina anali atayamba kale kutsegula botolo. Lameki atamva fungo la palafini, mantha anamutsegula pakamwa.

"Dikirani! Diso langali lafa. Munthu wa diso limodzi saona chotuluka, makinawa ndi mmene alili. Aliyense wowadziwa angakuuzeni!"

Makina ankaliralirabe. Tecla anavula magalasi pang'onopang'ono, n'kuyang'ana manja ake, manja amene anathira maputi m'kamwa mwa munthu.

"Ndiye mukuti munkadziwa," anatero chapansipansi. "Tsiku lija amayi aja akukudandaulirani, inu munkadziwa."

Domingo anauza anthu onse kuti atuluke. Anasonkhanitsa zitini zonse n'kuziunjika pamiyendo pa mkuluyo, anakhuthula botolo, ndipo potuluka anakhoma chitseko ndi loko chakunja.