Musalawe Gii Uyu!

Sayali anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala m'mudzi wa Ambewadi, kufupi ndi tauni ya Satara. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuyatsa nyale ya Devi.

Devi ndiye Mayi, mulungu wamkazi amene banja lawo limapembedza. Chikondwerero chake ndi Navaratri. Chimatenga masiku asanu ndi anayi. M'mawa amayatsa nyale. Madzulo amayatsanso.

Chaka chilichonse amayi ndiwo ankayatsa. Sayali ankangoliza kabelu.

Koma chaka chino amayi anati, "Wakula, Sayali. Nyale uyatsa ndiwe."

Tsikulo linali Lachinayi, pa 12 Okutobala. Chikondwerero chinali kuyamba Lamulungu, pa 15. Kunatsala masiku atatu.

Nyaleyo inali yaing'ono, yamkuwa. Sinkafuna parafini. Sinkafuna mafuta ophikira. Inkafuna gii, mafuta oyengedwa kuchokera ku batala.

"Gii wa nyale ali ndi malamulo awiri," anatero amayi. "Akhale wa ng'ombe. Ndipo munthu asamulawe. Chopatsa Devi sichiyamba kulowa m'kamwa mwa munthu."

"Wa ng'ombe. Wosalawa," anatero Sayali. "Ndamva."

Sayali anatenga thonje. Anapota tizingwe ta nyale. Kamodzi ka m'mawa, kamodzi ka madzulo, masiku onse asanu ndi anayi. Tonse tinakwana khumi ndi tisanu ndi titatu. Tinatsala kungoviikidwa mu gii.

Gii wa Devi ankakhala m'kachitini, pa shelefu ya pamwamba. Sayali anakwera pampando. Anapapasa uku. Anapapasa uku. Kachitini panalibe.

Anakapeza pakhonde. Kanali patsogolo pa ababa ake.

Ababa ankadya chapati. Supuni inali m'kamwa mwawo. Anainyambita. Kenako anaibwezera m'kachitini.

"Ababa!" anakuwa Sayali.

"Nchiyani, mwana wanga?"

"Ameneyo ndi gii wa Devi!"

Ababa anayang'ana kachitini. Anayang'ana supuni. "Ooo," anatero. "Nchifukwa chake amakoma chonchi."

"Ababa!"

"Ndangolawa pang'ono, mayi. Kunsonga kwa supuni basi."

Amayi anatuluka m'khitchini. Anaona supuni ili m'kachitini. Anapukusa mutu.

"Inu bambo ake a Sayali, chitini cha m'khitchini simunachione?"

"Chinali kutali."

"Kutali? Chili pansi pa mphuno yanu! Mpaka kukafika pa shelefu ya pamwamba?"

Amayi anatenga kachitini. "Basi. Uyu tidyera mpunga. Ku nyale sapitanso."

"Koma abale!" anatero Sayali. Anaponda pansi, di!

Lachisanu m'mawa, Sayali anatenga kambale. Anathamangira kwa azakhali ake, a Mangal. Kwawo kunali kuseri kwa chitsime.

"Azakhali, ndithandizeni gii. Ababa adya wathu."

Azakhali anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mchimwene wangayo sanasinthe! Ali mwana ankanyambita ndi chivundikiro chomwe."

Anatsegula chitini chatsopano. Anamudzazira kambale.

"Palibe walawa?" anafunsa Sayali.

"Palibe. Ndayenga dzulo lomweli."

Sayali anabwerera kunyumba. Anayenda pang'onopang'ono. Sanataye ndi dontho lomwe.

Amayi anasuzumira m'kambale. "Sayali, gii uyu ndi wa mtundu wanji?"

"Woyera."

"Nanga wa ng'ombe amakhala wa mtundu wanji?"

Sayali anaganiza. "Wachikasu," anayankha motsitsa mawu.

"Azakhali ako amaweta chiyani?"

"Njati."

"Eya. Uyu ndi gii wa njati." Kumeneko anthu amaweta njati zofatsa n'kumazikama ngati ng'ombe.

"Koma amayi, mkaka ndi mkaka!"

"Mu tiyi, inde. Pa chapati, inde. Koma nyale ya pakhomo pano imayaka ndi gii wa ng'ombe. Ng'ombe timaitcha mayi. Chochokera kwa iye ndicho timapatsa Devi."

"Koma abale!" anatero Sayali. Anaponda pansi, di! di!

Kunatsala masiku awiri. Tizingwe tinali tidakali touma.

"Ndiye sindiyatsa?" anafunsa Sayali.

"Uyatsa," anatero amayi. "Tambu alipo. Tiyenga wathu."

Tambu inali ng'ombe yawo yofiira. Inali ndi kathole, kamwana ka miyezi itatu.

"Tiyenge pompano!" anatero Sayali.

"Mkaka wa m'mawa tamwa kale. Tidikire wa madzulo."

Sayali anadikira. Anapita kusukulu. Anabwerako. Anadikirabe.

Nthawi itakwana faifi koloko, amayi anatenga ndowa. Sayali anawatsatira kukhola. Amayi anayamba amasula kathole. Kathole kanathamangira ku bere la Tambu. Kanayamba kuyamwa, tsopu! tsopu! tsopu!

"Iwenso?" anakuwa Sayali. "Amayi, kakulawa! Mkaka wawonongeka!"

"Sunawonongeke," anatero amayi. "Mkakawu mwini wake ndi kathole. Kamayamba ndi komweka. Kakapanda kuyamwa, Tambu satulutsa mkaka."

"Ndiye kathole kakalawa palibe mlandu?"

"Palibe."

"Koma ababa akalawa ndi mlandu?"

"Mlandu waukulu."

Ababa anali chapafupi, akudula udzu wa ng'ombe. "Wamva, Sayali?" anatero. "Pakhomo pano bola kubadwa thole."

Sayali sanaseke. Maso ake anali pa ndowa.

Amayi anamanga kathole pambali pa Tambu. Anakama. Mkaka unakwana malita atatu.

Ababa anabwera ndi kapu yawo. "Kamkaka ka tiyi pang'ono?"

"Ayi!" anatero Sayali.

"Dontho limodzi?"

"Ayi, ababa. Lero mumwa wakuda."

Ababa anamwa tiyi wakuda. Anakwinya nkhope. Sayali sanawamvere chisoni.

Amayi anawiritsa mkaka wonse.

"Tsopano tiyenge?" anafunsa Sayali.

"Uyambe wazizira."

Mkaka unazizira. Amayi anathiramo supuni imodzi ya chambiko. Anavundikira mphika. Anaukulunga ndi nsalu.

"Tsopano tiyenge?"

"Uyambe wagona. Mawa udzakhala chambiko wonse."

"Mawa?" anatero Sayali. "Mkaka nawonso umagona? Koma abale!"

Anatenga choko cha kusukulu. Analemba mzere pakhomo la khitchini.

"Ababa, mzere uwu musaudumphe."

"Nanga ndikamva ludzu?"

"Ndikubweretserani madzi."

Loweruka, pa 14, Sayali anadzuka mbandakucha. Anasamba. Anavala zoyera. Anavundukula mphika. Mkaka unali utagwirana. Unali chambiko.

Amayi anamupatsa mpukuso wamtengo. "Ugwire pakati pa zikhatho. Upukuse."

Sayali anapukusa. Puku, puku, puku.

"Batala ali kuti?"

"Pukusa."

Puku, puku, puku.

"Amayi, mulibe batala muno."

"Alimo. Pukusa."

Manja anatentha. Mapewa anawawa. Amayi anathiramo madzi ozizira. Sayali anapukusabe. Anapukusa mphindi makumi atatu.

Kenako timibulu tachikasu tinayandama. Tinakumana. Tinagwirana. Amayi anatiwola ndi manja. Anaumba mpira umodzi. Unali ngati ndimu yaikulu.

Sayali anauyang'ana. "Malita atatu aja, kampira aka basi?"

"Basi."

"Koma Tambu, abale!"

Amayi anaika batala m'kapoto. Anayatsa moto wochepa. Batala anasungunuka. Anachita thovu. Analira, tha! tha! tha!

"Onjezani moto, amayi."

"Moto wambiri umapsereza. Mvetsera. Akasiya kulira, wapsa."

Sayali anatchera khutu. Kapoto kanalira. Kanalirabe. Kenako kanangoti zii.

Thovu linatha. Mafuta anaonekera ngati madzi, mpaka pansi pa kapoto pankaoneka. Anali achikasu. Anali gii.

Fungo linadzaza khitchini. Linadutsa mzere wa choko. Linafika pakhonde.

Ababa anabwera ndi mpando wawo. Anakhala kunja kwa mzere.

"Ababa," anatero Sayali.

"Sindinadumphe, mayi. Taona mapazi anga."

Amayi anasefa gii pa kansalu koyera. Anakwana theka la kapu. Anadikira kuti azizireko.

"Viika tizingwe tako," anatero amayi. "Ine ndikayanike nsalu." Anatuluka.

Sayali anakhala pansi pafupi ndi khomo, pomwe panali powala. Anatenga kachingwe koyamba. Anakaviika. Anakaika m'mbale. Anatenga kachiwiri. Anatenga kachitatu.

Gii anali wofunda. Fungo linali lokoma. M'mimba mwa Sayali munalira.

Pa kachingwe ka khumi, dontho linatsika pa chala chake. Linatsika pang'onopang'ono. Linatsala pang'ono kugwa.

Sayali sanaganize. Anaika chala m'kamwa. Ananyambita.

Kenako dzanja lomwelo linalunjika ku kapu ya gii.

"Ima!"

Ababa anatambasula mkono. Anagwira dzanja la Sayali lili m'mwamba. Chala chinali chisanakhudze gii.

Sayali anayang'ana chala chake. Anayang'ana kapu.

"Ndanyambita," ananong'ona.

"Ndaona."

"Sindimafuna, ababa. Changopita chokha."

"Chimatero chala," anatero ababa. "Ndikuchidziwa bwino."

"Ndawononga gii?"

"Ayi. Dontho lija latha, ndi lako. Koma wa m'kapu sunamukhudze. Akadali wa Devi. Kasambe m'manja."

Sayali anaimirira. Ababa anamukodola. Anatsitsa mawu.

"Tandiuza. Ngwokoma?"

Sayali anagwira pakamwa. "Ngwokoma kwambiri."

"Ha!" anatero ababa. "Ndiye ine mumandikalipiranji?"

Sayali anaseka. Aka kanali koyamba kuseka chiyambire Lachinayi.

Anapita pa mpopi. Anasamba m'manja ndi sopo. Anatsuka m'kamwa. Anasambanso m'manja.

Amayi anabwera ndi beseni. "Kwachitika chiyani?"

"Ndinanyambita chala, amayi. Ababa andigwira ndisanakhudze gii."

Amayi anayang'ana Sayali. Anayang'ana ababa. "Mwana wa bambo ake," anatero. "Maliza ntchito yako."

Sayali anaviika tizingwe totsala. Milomo anaitseka kuti phwi. Tonse tinanona. Gii anatha ndendende pa kachingwe komaliza.

Lamulungu, pa 15 Okutobala, banja lonse linasamba m'mawa. Amayi anakongoletsa chithunzi cha Devi ndi maluwa. Azakhali a Mangal anabwera. Ababa anatenga kabelu.

Nthawi inali seveni koloko. Sayali anaika kachingwe kamodzi m'nyale. Anakhwatcha machesi. Anayandikiza moto ku nsonga ya thonje.

Nyale inayaka.

Lawi linali laling'ono. Linali lowongoka. Silinkatulutsa utsi.

Sayali ananyamula nyale pa mbale yake. Anaizungulitsa pamaso pa Devi. Ababa analiza kabelu. Amayi ndi azakhali anaimba nyimbo. Atamaliza, aliyense anadutsitsa zikhatho pamwamba pa lawi. Kenako anazisisita kumaso.

Sayali anaika nyale pansi. Anakhala nayo pafupi. Lawi linachepa. Linachepanso. Linazima.

Sayali anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Mphindi zisanu ndi ziwiri?" anatero. "Kukama, kuwiritsa, kugoneka, kupukusa, kuyenga! Zonsezo mphindi zisanu ndi ziwiri basi? Koma abale!"

Onse anaseka. Azakhali anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu yawo.

Amayi anakokera Sayali pachifuwa pawo. "Devi waiona nyale yako," anatero. "Ifenso taiona. Yayaka bwino."

"Zoona?"

"Zoona. Ndipo madzulo ano uyatsanso."

"Nanga mawa?"

"Mawanso. M'mawa ndi madzulo."

Sayali anamwetulira. Anatenga kansalu. Anakhala pakati pa amayi ndi ababa. Anayamba kupukuta nyale yake.