Nkhope ya Pansi pa Penti

Amene adalakwira Sikelo Nthala ndi Dausi Kamwaza, mnzake wa zaka zoposa makumi anayi, ndipo adamulakwira mu Okutobala wa 2071, mwezi umene Chiumbankhope chidafika mu Blantyre.

Chiumbankhope adali makina a pachipatala china cha anthu olemera. Nkhalamba inkagona m'bokosi lagalasi, timanja tachitsulo n'kuyamba kukanda nkhope yake ngati dongo, mafupa ndi khungu lomwe. Pakatha masiku atatu inkatuluka ndi nkhope ya paunyamata wake. Makinawo sankafuna chithunzi cha kamera, ati chilibe kuya. Ankafuna chojambula pamanja, chifukwa ankasenda penti pang'onopang'ono n'kumawerenga. Lamulo lidatinso chithunzicho chikhale chakale, kuopa kuti mbava zingamabwere ndi nkhope zongopeka.

Chithunzi chotero Sikelo adali nacho. Kale ku Limbe adalipo atatu olemba zikwangwani za magolosale ndi mabala: iyeyo, Dausi, ndi mayi wina wa pakamwa polasa, Anasibeko. Ntchito ikasowa ankajambulana. Mmodzi ankakhala pachitini cha penti, awiri enawo n'kugawana nkhope yake pathabwa limodzi, wina kulemba ndi makala, wina kupenta. Wojambulidwayo sankaloledwa kusuzumira. Tsiku la Sikelo, Dausi adangolemba mizere iwiri itatu n'kuthawira ku mowa. Zonse zotsala adapenta ndi Anasibeko: mphuno imene idapindika atagwa pamakwerero, makutu otambalala, timaso tokayikira aliyense.

"Usagwedezeke iwe," ankatero Anasibeko. "Ndikupenta mmene ulili, osati mmene ankakuonera amayi ako."

Anasibeko adamwalira kalekale. Zikwangwani zawo zidafufutika zonse pamene makoma adayamba kudzilemba okha ndi magetsi. Ntchito ya manja awo imene idatsala padziko ndi thabwa la Sikelo basi. La Dausi lidadyedwa ndi chiswe, poti mwiniwake atalemera ndi malonda a makoma omwewo adaliponya kuseri kwa nyumba.

Ndiye Dausi uja adatulukira ku Bangwe kwa Sikelo, pagalimoto yodziyendetsa yokha, atanyamula shuga ndi buledi.

"Achimwene, ndibwerekeniko thabwa lija. Tikukonza chionetsero chokumbukira Anasibeko."

Sikelo adalikulunga m'bulangete lake lomwe amafunda, n'kulipereka ndi manja awiri. Adachapitsa jekete, kudikira tsiku la chionetserocho. Masabata atatu adatha, zii.

Adazionera pakhoma la pasiteji ya basi. Khomalo linkaonetsa Dausi akumwetulira, ati ndiye nkhalamba yoyamba mu Blantyre imene idzalowe m'Chiumbankhope, ndipo m'manja adanyamula chithunzi cha mnyamata wosalala ngati wa papepala la sopo. Sikelo sadayang'ane nkhopeyo. Adayang'ana ngodya ya kumanzere, pamene macheka ake adaphonya tsiku lomwe ankadula thabwalo. Lidali thabwa lake lija. Munthu uja adapenta nkhope ya iye mwini pamwamba pa ntchito ya Anasibeko!

M'mawa mwake adalawirira kuchipatalako. Loboti yolondera pakhomo idamufunsa nambala yoonanira ndi dokotala, iye adangoilambalala. Adapeza Dausi atavala kale mkanjo woyera, dokotala wachitsikana akumuyeza chibwano.

"Dausi! Thabwa langa!"

"Aa, achimwene, tikambirana ndikatuluka."

"Achimwene ndani? Iwe udalira pamaliro a Anasibeko kuposa ana awo, lero wawapaka penti kumaso ngati khoma la chimbudzi!"

"Agogo, chonde tsitsani mawu," adatero dokotala. "Muli ndi chikalata chosonyeza kuti thabwali ndi lanu?"

"Chikalata cha chiyani, mwanawe? Palani pamwambapo ndi chikhadabo, muona mphuno iyi. Chikalata changa ndi chimenechi."

Dausi adaseka. "Adokotala, musavutike naye. Uyu adalekeza Sitandade 3. Tikamalemba zikwangwani, mawu ndinkachita kumulembera pansi kuti azikopera. Za makina angadziwe chiyani?"

Zinali zoona kuti ankakopera. Adalembapo kale BUCHALA pamalo pa BUTCHALA, Limbe yonse n'kumuseka mwezi wathunthu. Koma penti ankamudziwa kuposa onse amene adali m'chipindamo.

"Thabwa talipima, agogo," adatero dokotala. "Lili ndi zaka zoposa makumi anayi."

"Thabwa ndi lakale, inde. Nanga penti wapamwambayo? Tanunkhizani, sadaume n'komwe. Mwanawe, ine ndafufuta zikwangwani zambirimbiri. Penti wakale safa, amangogona. Makina anuwo akasenda, akapeza ine."

Dokotala adayang'ananso thabwalo. Kenaka adatembenukira kwa Dausi. "Bambo Kamwaza, ndikufunsani kamodzi. Pansi pa chithunzichi pali china?"

Apa Dausi akadangoti inde, thabwa likadapulumuka. Wodziwa ntchito akadachotsa penti wamuwisiyo ndi kansalu, maso amene adapenta Anasibeko n'kutsegukanso. Sikelo adafika mpaka pogwada, mawondo ake owawawo, pamaso pa mwana woti akadakhala mdzukulu wake.

"Palibe," adatero Dausi. "Ndi nsanje chabe."

Loboti idamunyamula Sikelo m'khwapa n'kukamukhazika panja pa mpanda, bwinobwino, ngati thumba la makala. Idamufuniranso tsiku labwino.

Mawu a munthu wosaphunzira amamveka zinthu zikaonongeka. Makina aja adapeza penti wapamwamba ali wofewa, adamuyesa litsiro, n'kumupukuta. Adawerenga zimene adapeza pansi pake. Tsiku lachitatu bokosi litatsegulidwa, atolankhani ali tcherutcheru, mudatuluka Sikelo Nthala wa zaka makumi atatu, mphuno yopindika, makutu otambalala, akulankhula ndi mawu a Dausi.

"Galasi! Ndipatseni galasi!"

Atampatsa adakomoka.

Sikelo weniweni adapita kukatenga thabwa lake. Adampatsa, atalikulunga m'pepala lonyezimira. Lidali mbuu, losendedwa mpaka pamtengo. Palibe ngakhale kadontho ka Anasibeko kamene kadatsala. Dokotala adapepesa, ati zimenezi makina sadaphunzitsidwe. Sikelo adamufunsa ngati makinawo nawonso adalekeza Sitandade 3.

Dausi adapempha kuti amuumbenso, koma adamuuza kuti fupa silikandidwa kawiri, limanyenyeka. Chitseko cha nyumba yake, chimene chinkatseguka chikaona nkhope ya mwini, chidamukana. Mkazi wake adamutsegulira, koma adasamukira kuchipinda cha alendo, ati sadakwatiwe ndi Sikelo. Akayenda mu Limbe, nkhalamba za pamsika zinkamukuwa kuti, "Buchala! Wabwerera liti ku unyamata?" Adasiya kutuluka.

Adamwalira mu Juni wa 2074. Sikelo adapita kumaliro, osati kukalira. Adaima pamzere wa oona nkhope, ndipo itafika nthawi yake adawerama nthawi yaitali mpaka adzukulu adachita kumukoka. Adaona kamzere kamene Anasibeko adakhotetsa pansi pa diso lamanja, kamene ankati ndi ka munthu wosakhululuka. Bokosi adalikhomera, ndipo masana omwewo adaika Dausi Kamwaza kumanda a kwawo, atavala nkhope yobwereka imene sadabweze.