Chubu Sichizungulira Chokha

Gadi anatseka labotale ya chipatala cha mgodi ku Mvuma kefiyu ya nkhondo, yoletsa kuyenda usiku, itayamba kale, mtima ukumuwawa. Mkulu wake Redson anali gone m'wodi, akunjenjemera ndi kuchucha dovu atasambitsa ng'ombe kudibi. Mwini pulazi, famu yomwe Redson ankagwirako ntchito, ankati ndi kachasu basi, mawa banja lonse lichoke m'komboni.

Kachasu wake uti, munthu wosalawa ngakhale chibuku! Gadi ankadziwa kuti mankhwala a dibi amafooketsa enzaimu ina ya m'magazi. Akanangozunguza magaziwo m'makina mpaka apatukane, n'kuyeza enzaimuyo, bodza likanaonekera poyera. Koma makinawo anagwedezeka kawiri konse ngati chigayo, machubu n'kusweka. Chubu cha magazi a Redson chinatsala chimodzi chokha.

Akupita kunyumba, pofika pamanda a anthu a mumgodi, anamva mapazi tsidya lina la msewu. Iye akaima, nawonso amaima. Asilikali? Ayi... munthu wa khoti loyera. Wopanda tochi.

"Achimwene, chubu sichizungulira chokha," anatero munthuyo. "Chinzake munaika?"

"Ndinaika cha madzi, moyang'anizana," Gadi anayankha.

"Munayeza ndi maso. Magazi amalemera kuposa madzi, shamwari. Ikani pasikelo. Ine Nikodemo ndinaphunzira mochedwa."

Munthu uja anatembenuka. Mwezi unamuwalira... Mayo ine! Theka la nkhope kunalibe!

 Kunyumba kunali pafupi, nyali ikuoneka. Kuchipatala kunali kutali, ndipo asilikali ankaombera osafunsa dzina. Gadi anaganiza za ana a Redson atasenza mphasa pamsewu. Anabwerera kuchipatala. Mapazi aja anamuperekeza, tsidya lomwe lija, mpaka pageti.

Anaika machubu awiri pasikelo, n'kuwonjezera madzi dontho ndi dontho mpaka analingana. Makina anazungulira bwinobwino, osagwedezeka ngakhale pang'ono. Kutacha, dokotala anawerenga zotsatira, nalemba kalata yopita kupulazi yonena kuti Redson wadwala ndi mankhwala a dibi.

Pageti, mlonda wokalamba Tickey anamuimitsa.

"Usiku uja munkathokoza ndani, mwana wanga? Munalowatu nokha."

"Bambo Nikodemo, a khoti loyera."

Tickey anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Nikodemo tinamuika m'manda aja zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ankagwira ntchito yanu yomweyi. Makina anamuphulikira kumaso ali yekha usiku. Nayenso ankayeza ndi maso."