Chimbale Chomvera Nyenyezi

Nkhaniyi anandiuza ndi mayi Winifred titatsala awiri m'tchalitchi ku Springburn, kuno kutsidya kwa nyanja, ndipo sindiwonjezerapo kanthu.

Zinayamba ndi mafoni. M'mawa uliwonse ankawapeza ozima, yawo ndi ya amuna awo a Norman, chonsecho batire lili lodzaza.

Mwezi umodzi izi zisanayambe, a Norman, omwe ankakonda kujambula zithunzi akaweruka kuntchito, anapita ku England kukajambula telesikopu ya wailesi, chimbale chachitsulo choyera, chachitali kuposa nyumba zosanja za mumsewu wawo. Ankati chinthucho sichiona, chimamva. Chimatola timafunde tofooka tochokera ku nyenyezi, ngakhalenso ku zombo zimene anthu anazitumiza kutali m'mlengalenga. N'chifukwa chake pamalopo aliyense amayenera kuzimitsa foni. A Norman anazimitsa yawo madzulo, n'kuchezera kunja kwa mpanda kudikira kuti nyenyezi zijambulike bwino. Atayatsa m'bandakucha, anapeza kuti mng'ono wawo Penjani anaimba kasanu ndi kanayi ali m'chipatala ku Zomba. Apo n'kuti atamwalira kale. Kumaliro sanapite, pasipoti yatsopano inali isanatuluke.

Chithunzicho anachikulitsa n'kuchipachika pabalaza. Kudya anasiya. Lamba anamuboolanso kawiri.

Usiku wina mayi Winifred anadzidzimuka ali okha pabedi. Mvula inkawaza pawindo, mapaipi otenthetsera nyumba akulira ngati munthu wogogoda ndi chala chimodzi. Pabalaza panali mdima, kupatula kuwala kwachikasu kwa getsi la mumsewu, kumene kunagwera pa chimbale chija. A Norman anali chiimire, khutu atagunditsa pagalasi la chithunzicho.

"Abambo, mukutani?"

"Tsitsani mawu," ananong'ona osacheuka. "Foni yanu ndazimitsa, musayatse."

"Kani ndinu mumazimitsa!"

"Zimamusokoneza. Mawu ake ndi ofooka, akuchokera kutali."

"Mawu a ndani?"

"A Penjani. Ankafuna kundiuza kanthu. Amangoti 'Achimwene', basi n'kuduka."

Mayiwo anagwada pomwepo n'kupemphera mpaka mawondo anachita dzanzi. Iwo sanamve kalikonse.

Usiku wotsatira a Norman anaima pachithunzi paja mpaka kunacha, winawo chimodzimodzi. Mayi wachizungu wa m'nyumba ya pansi anaimitsa mayi Winifred pamasitepe n'kufunsa ngati alandira mlendo, poti usiku amamva amuna awiri akulankhula. Kutchalitchi ena ankanong'ona kuti mutu sukuyenda bwino, ena n'kumati munthu amene sanaponye dothi m'manda a m'bale wake sagona.

Mayi Winifred anaona kuti amuna awo awafera m'manja. Pasipoti itangofika, anagula tikiti osawafunsa.

"Mupite mukaone manda. Mukalire pamene wagona mng'ono wanu, osati pakhoma langali."

"Amayi, ndipatseni masiku awiri okha. Dzulo anapitirirako pang'ono. Anati, 'Achimwene, musa...'"

"Musatani?"

"N'chimene ndikudikira."

"Mudikira mpaka tidzakunyamuleni m'bokosi? Ndege ndi mawa."

Anawaperekeza kubwalo la ndege. A Norman analowa akuyenda ngati wodwala, osatsanzika.

Madzulo ake mayiwo anatsitsa chithunzi chija n'kuchitembenuzira kukhoma. Anawerenga salimo, anathokoza Mulungu, n'kuzimitsa magetsi. Tulo tisanawabe, anamva phokoso la pansipansi lochokera pabalaza, ngati wailesi imene yasowa siteshoni. Linkakula, n'kuchepa, n'kukulanso. Anagwira Baibulo pachifuwa. Mkati mwa phokosolo munamveka mpweya wa munthu wotopa, kenako mawu amene ankawadziwa bwino.

"Alamu."

Mayiwo anadzuka n'kukhala tsonga.

"Alamu, achimwene ali kuti? Ndimati ndiwauze kuti asapite kumudzi."

Tsiku limene ankandiuza izi linali lachisanu chichokere a Norman. Abale ku Zomba anali asanawaonebe. Mayiwo ndinangowagwira manja, ndipo anali ozizira ngati chitsulo.